Mng'alu wa pa khoma la atsibweni

Mpaka lero ndikaona khoma long'aluka mtima umandiwawa, chifukwa bambo anga anachotsedwa pamudzi ndi mng'alu woti ngakhale chala sichikanalowamo.

Bambo anali mmisiri womanga nyumba, kwawo ku Nchema, koma ankakhala chikamwini kwa mayi ku Mikolongwe. Atsibweni anga, alongo awo a mayi, atapuma ntchito m'tauni anawauza kuti awamangire nyumba ya njerwa zootcha. Bambo anaimanga mwaluso lawo lonse. Patangotha miyezi iwiri, tsiku lina masana tikupalira chimanga, nthaka inachita gwedegwede. Malata analira, nkhuku zinabalalika, mayi anagwira khasu n'kukhala pansi. Chivomerezi chitadutsa, khoma la kuchipinda kwa atsibweni linali litang'aluka kuchokera pawindo mpaka pansi.

Eee, atsibweniwo mmene anayambira! Akuti bambo anaba simenti n'kudzaza mchenga. Anazinena kutchalitchi, anazinena kuchigayo. Anthu awiri amene anali atawaitana kale bambo kuti akawamangire anasintha maganizo. Ndiye mkamwini ayankha chiyani pamudzi pa eni? Ine kupsa mtima.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa kupulayimale, ndipo mnzanga wina anandiuza kuti pa intaneti pali mapu oonetsa zivomerezi. Loweruka ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe, ndinalowa m'kachipinda kena kotentha ka makompyuta. Mayi woyang'anira malowo anandigwira dzanja kundiphunzitsa kuyendetsa mausi, kachida kolozera pa kompyuta. Mapu anatseguka pang'onopang'ono ngati akuchita kukakamizidwa. Ndinaona mizere yosonyeza mmene nthaka inang'ambikira pansi pathu, kutsika ndi chigwa cha Shire, ndi timadontho ta zivomerezi. Nditadina kadontho kena, panatuluka tsiku lomwe lija, ola lomwe lija. Ndinakuwa kuti, "Ndi ichi!" mpaka anthu anatembenuka. Ndinapulintitsa mapuwo papepala, ndinaliika mkati mwa buku kuti lisakwinyike.

Madzulo ndinawapeza atsibweni pakhonde lawo lomwelo lomangidwa ndi bambo. Ndinagwada, inde, koma mawu anga sanagwade.

"Atsibweni, taonani. Chinang'amba khoma lanu ndi chivomerezi, si bambo."

Analitenga pepalalo, analiyang'ana uku, analiyang'ana uko, kenaka n'kundifunsa kuti, "Nanga nyumba yanga ili pati pamenepa?"

"Mapu sangaonetse nyumba."

"Ndiye wandibweretsera chiyani? Simenti yanga ilimo?"

Azakhali ena amene anali pomwepo anaseka. Ine ndinawauza atsibweni maso ndi maso kuti ndi abodza, ndipo mayi anandikoka dzanja uku akulira kuti ndawachititsa manyazi kwa alongo awo. Manyazi ake ati? Munthu akunamiziridwa kuba, ife tizisamala manyazi?

Ndinathamangira kwathu kuti bambo aone okha. Ndinawapeza kuseri akumangirira levulo yoyezera khoma ndi chikwama cha zida zawo panjinga. Analiwerenga pepala lija modekha, mpaka anafunsa kuti mzere wautaliwo ndi chiyani. Kenaka anandibwezera.

"Mwanawe, wavutikiranji mpaka ku Limbe? Tsiku lija atsibweni ako anali m'nyumbamo. Anatuluka akuthamanga opanda nsapato, ndinawaona ndi maso angawa. Akudziwa kuti kunali chivomerezi."

"Nanga bwanji akunena zimenezi?"

"Akufuna munda wakumtsinje umene ndimalima uja. Nyumba ndawamangira, ntchito yanga yatha."

Ndinaima pamenepo ngati chitsiru, pepala lili m'manja. Ine ndinkaganiza kuti pamudzi pakusowa umboni, chikhalirecho aliyense anamva nthaka ikugwedezeka pansi pa mapazi ake, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe woti atsegule pakamwa.

Bambo ananyamuka m'mawa mwake kunka ku Nchema. Mayi sanawaperekeze ngakhale kufika pamsewu, poopa kuti alongo awo awaona.