Mlendo Wopanda Miyendo

Akhristu a pa kapela yathu, kufupi ndi Mualadzi, ndi anthu oganiza mozama. Atafuna munthu woti azinyamula Ukaristia kupita nawo kwa odwala, ntchito yofuna munthu wodziwa kutseka pakamwa, anayang'ana uku ndi uku nasankha ine. Ine amene ndikakumana ndi mbuzi panjira ndimaifunsa za kwawo.

Zifukwa zake zinalipo. Njinga ndinali nayo, ndipo kuwerenga ndimadziwa. Si kuwerenga kwa ku shikola ayi. Zilembo ndinaziphunzirira pa matumba a ufa wachithandizo ku Zambia, nthawi imene tinathawa nkhondo, ndipo titabwerera ndinapitiriza maphunzirowo pa zidutswa za nyuzipepala zimene amakulungira kapenta ku Cassacatiza. Nkhani zambiri za m'dziko ndimazidziwa theka, chifukwa theka linalo linapita ndi wogula wina. Koma kwathu kuno theka ndi lokwanira kuti munthu azitchedwa wophunzira.

Apadiri, ansembe athu, amatifika mwa apo ndi apo, ndipo mvula ikagwa msewu umawakana. Akabwera amatisiyira Ukaristia m'kabokosi kokhoma ka m'kapela, kuti odwala asamadikire chilimwe. Akatekista, amene anandiphunzitsa ntchitoyi, anandionetsa kachitini kozungulira ndi kathumba kake ka chingwe.

"Mukaika Ambuye umu n'kukoleka pachifuwa, njira yanu ndi imodzi," anatero. "Kuchoka pa kapela, kufika kwa wodwala. Osapatuka, osacheza. Pakamwa pakhale pemphero lokha." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Inuyo makamaka."

Ndinalonjeza. Ndinatsimikiza mumtima kuti panjira ndidzakhala mwala.

Tsono ine ndine mkamwini. Ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga. Munda umene ndimalima ndi wa apongozi aakazi, nkhokwe ndinamanga ndine koma yaima pa nthaka yawo, ndipo ana anga, malinga ndi mwambo wathu, ndi a kuchikazi. Changachanga ndi njinga ndi chipewa. Mkamwini akakumana ndi apongozi panjira amadziwa chochita: amatsika panjinga akadali patali, amalowa m'udzu, amanjuta, chipewa m'khwapa, n'kuomba m'manja akupereka moni maso ali kumbali. Ine ndinali katswiri wa zimenezi. Udzu wonse wa m'njira zathu umadziwa mawondo anga.

Apongozi angawo ndi a Ziyoni. Analowa mpingo umenewo ku Zambia komweko, ndipo anabwerako ndi mkanjo woyera, lamba wobiriwira ndi ndodo. Amuna awo anatsala Akatolika, koma panthawiyi anali atagona, miyendo itatupa, osatuluka m'nyumba. Za kathumba ka pachifuwa apongozi aakazi sankadziwa kalikonse, ndipo ine, mphunzitsi wa aliyense pa chilichonse, sindinaganize zowauza.

Ulendo wanga woyamba unali wopita kwa mayi wina wodwala kutsidya kwa mtsinje. Lamulungu limenelo mapemphero atatha ndinakoleka kathumba, ndinakwera njinga, nkhope nditaiumitsa ngati woyera wa pa chithunzi. Anthu ankandipatsa moni, ine duu. Wina anafuula kuti, "Dzino kodi, achimwene?" Wina anauza mnzake mokweza kuti ndagulitsa fodya ndalemera. Ndinapirira zonsezo ngati wofera chikhulupiriro, ndipo ndinayamba kudziona kuti ndikukwanitsa.

Pafupi ndi mtsinje njira imapanikizika, mbali iyi chimanga, mbali iyo chimanga. Pamenepo ndi pamene ndinaona mkanjo woyera ukubwera. Apongozi, akuchokera kokapemphera, ndodo m'manja.

Mutu wanga wophunzira unayamba kugwira ntchito. Ndikapatuka, ndaphwanya mawu a akatekista, ndiponso ndawalowetsa Ambuye m'munda wa eni ake ngati wakuba mondokwa. Ndikapereka moni, ndacheza, pakuti moni wa apongozi si wa mawu awiri: umayambira pa iwo, n'kupita kwa odwala, kwa nkhuku, mpaka kwa mvula ya kumapiri. Ndikadutsa chete, ndafa. Pa njira zonsezi ndinasankha ina yanzeru kuposa zonse. Ndinatsika panjinga, ndinaima chilili pakati pa njira, ndinawayang'ana m'maso, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chikwatirire, ndipo ndinadziloza pachifuwa ndi chala, ndikugwedeza mutu ngati gulo. Ndinkatanthauza kuti, muli Ambuye umu, mundikhululukire. Apongozi anaima. Ndinalozanso, mwamphamvu, kuti amvetse bwino. Anapatuka okha, nalowa m'chimanga ndi mkanjo wawo woyera. Ine ndinadutsa ndikuthokoza Mulungu kuti wandipatsa apongozi omva msanga.

Pobwerera ndinapeza mkazi wanga atakhala pakhonde, moto osasonkha.

"Bambo a ana, mwawatani amayi?"

"Ndawafotokozera ndi manja."

"Mwawafotokozera. Akuti munaima panjira, n'kuwatong'olera maso, n'kumadziguguda pachifuwa kuti pano ndine. Akuti mkamwini wakula mwendo. Atuma kale munthu kwa amalume."

Amalume akewo ndiwo ankhoswe a ukwati wathu, ndipo sayitanidwa kuti adzadye maungu. Mkamwini wonyoza apongozi mlandu wake ndi umodzi: amamuonetsa njira imene anadzera. Ndinayang'ana chimanga changa chimene chinali chitamasula ngayaye, ndinayang'ana ana, ndinayang'ana njinga ndi chipewa.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, pabwalo la apongozi. Iwo anakhala pamphasa atandipatsa msana, monga mwa ulemu wake, ndipo popeza apongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, mawu awo onse ankauza nkhuku imene inkapalasa pafupi.

"Iwe nkhuku, ine ndakalamba. Ndaona nkhondo, ndaona njala. Koma kulowetsedwa m'chimanga ndi munthu amene ndinamupatsa munda, izi ndaziona dzana."

Amalume anandipatsa mpata. Apa ndi pamene maphunziro anga anandithandiza kwambiri. M'malo mopepesa, ndinaphunzitsa. Ndinayambira pa Mgonero wotsiriza, ndinafotokoza kuti mkate uja ukadalitsidwa si mkatenso, ndinaponyamo ndi mawu a Chipwitikizi amene ndinawapeza pa theka la pepala lina. Ndinamaliza ndi kunena kuti amene ndinanyamula tsiku lija ndi wamkulu kuposa munthu aliyense wa m'mudzi muno.

"Wamva, nkhuku?" anatero apongozi. "Akubwereza."

Amalume, amene amapemphera kwa a Pentekosite akakumbukira, anakanda mutu. "Akamwini, ine ndimamva kuti Yesu ankapereka moni ngakhale kwa akhate. Wanuyu ndi wa kuti, woletsa moni?"

"Si iye woletsa, amalume, ndi akatekista."

"Ndiye akatekistawo akupatseni munda."

Chigamulo chinali chachifupi: nditule kathumba, kapena nditule ukwati. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe phunziro lachiwiri, koma m'nyumba munamveka chifuwa, kenaka mawu a apongozi aamuna, ofooka koma omveka.

"Musanamuthamangitse, andibweretsere kaye Ambuyewo. Chiyambire mvula sindinalandire."

Apongozi aakazi anaponyera nkhuku ija kachitsotso.

"Abwere Lamulungu. Pakhomo ndidzakhala ndine. Akadzadutsa osandilonjera, adzapitirire konko."

Ndinathamangira kwa akatekista kukapempha nzeru. Anandimvetsera mwachifundo chachikulu, nandiuza kuti aliyense ali ndi mtanda wake. Iwowo anakwatira chitengwa, mkazi anamutengera kwawo, ndipo apongozi awo ali kutali ku Nsadzo. Mtanda wa mkamwini amaudziwa bwino kwambiri, monga mmene ine ndimadziwira nyanja.

Loweruka mkazi wanga anangochapa malaya anga oyera. "Kaya ndi opitira kwa atate, kaya ndi opitira kwanu, akhale oyera," anatero.

Lamulungu ndinakoleka kathumba. Kutula sindikanatha, pakuti nkhalamba inali kudikira, ndipo kulankhula sindikanatha, pakuti ndinalonjeza. Njinga ndinaikankha, sindinakwere. Nditafika m'mphepete mwa bwalo ndinapeza zonse zili m'malo mwake: apongozi atakhala pakhomo penipeni, miyendo atatambasula, ndodo pambali, amalume pansi pa mango, ndi anansi ambiri amene tsiku limenelo onse anali ndi chobwereka kwa apongozi.

Mlendo akafika pakhomo amati odi. Ine odi ndinalibe. Ndinatsamiritsa njinga pa nkhokwe, ndinavula chipewa, ndipo ndinaima padzuwa. Mutu wophunzira uja unali utatha mawu, ndipo mwina ndi chifukwa chake mawondo anapeza mpata woganiza okha. Ndinagwada. Manja nawo anachita zimene anazolowera m'udzu muja: anaomba, pang'onopang'ono, mofunda. Pakamwa sipanatuluke kanthu.

Apongozi anafunafuna nkhuku, koma inali itapita kwina. Anauza ndodo.

"Iwe ndodo, afunse. Akugwadira ine, kapena ali m'kathumbamo?"

Funso limeneli ndikanaliyankha mpaka dzuwa kulowa, ndi zitsanzo. Ndinangoombanso m'manja.

"Ha!" anatero amalume. "Mwaona zozizwitsa? Afunsidwa funso, ndipo ali chete. Alongo, m'kathumbamo muli kanthu ndithu."

Anansi anaseka. Apongozi sanaseke. M'nyumba munamvekanso chifuwa chija.

"Mayi," anaitana amuna awo, "mlendo wanga mwamuimika padzuwa."

Ndinaona apongozi akuyang'ana kathumba, osati ine. Pakhomo pawo sipanabwezedwepo mlendo. Ngakhale ku Zambia, m'kamsasa ka udzu, amati ankagawa ufa wachithandizo kwa odutsa. Anatola ndodo, nadzuka pang'onopang'ono.

"Mlendo sindinakangane naye. Ngati ndi wa bambo, alowe. Koma poti akuti alibe miyendo, chomunyamulacho chilowe naye. Njinga sitiifunsa moni."

Umu ndi mmene ndinakwezedwera pa udindo, kuchoka pa mkamwini kufika pa njinga, ndipo ndinalowa m'nyumba ya apongozi koyamba m'moyo wanga. M'katimo munali mdima ndi fungo la mankhwala opaka. Ndinafuna poika kachitini, koma panali kampando kokha, kakuda ndi utsi. Ndisanaganize chochita, dzanja linalowa pakhomo n'kuyala nsalu pa kampandopo. Unali mpango woyera wa ku Ziyoni, wochapa bwino. Mwini wake sanalowe, anaima kunja atatipatsa msana.

Ndinawerenga mapemphero, ndipo kamodzi kokha m'moyo wanga sindinawonjezepo mawu anga. Nkhalamba inalandira, inatseka maso, milomo ikugwedera. Patapita nthawi inandigwira dzanja.

Nditatuluka, apongozi anali atabwerera pamphasa, ndipo nkhuku inali itabweranso pa ntchito yake.

"Iwe nkhuku, mlendo uja watsala m'nyumba?"

"Watsala, amayi," ndinayankha.

"Ndiye amene watulukayu ndi mkamwini. Alonjere. Ayambire moni wa kumtsinje uja."

Ndinanjuta pafupi ndi nkhokwe, ndinaomba m'manja, ndipo ndinalonjera. Ndinapereka moni wa kumtsinje, ndinapepesa kwa mkanjo umene unadetsedwa ndi chimanga, ndinafunsa za miyendo ya bambo amene ndinali nditangowaona, za nkhuku, za mvula ya kumapiri. Apongozi ankayankha mosafulumira, kuti mawondo anga amve kukoma. Pomaliza anauza amalume kuti chimanga chija ndikolole, ndi cha chaka chamawa chomwe, koma ndigule belu la njinga. Ndikanyamula mlendo ndiziliza ndikadali patali, iwo azipatukira mlendoyo. Belu likakhala chete, wopatuka ndine.

Mvula itatha apadiri anabwera, ndipo ndinawasimbira zonse, ndikuyembekezera kuti andiyamikire pa kupirira kwanga. Anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Koma ndani anakuletsani moni? Akatekista anati osacheza. Kunena kuti mwadzuka bwanji n'kupitirira si tchimo ayi."

Ndinathamanga nawo uthenga wabwinowu kwa apongozi. Ndinanjuta, ndinalonjera, ndipo ndinawauza kuti kuyambira tsopano ndikhoza kumapereka moni ngakhale nditanyamula, kwa iwo ndi kwa mudzi wonse.

Apongozi anayang'ana nkhuku nthawi yaitali.

"Auze asasinthe kanthu," anatero. "Mudzi uno umapuma tsiku lokhalo."

Belu ndimalizabe. Lamulungu lililonse mkanjo woyera umapatukira mlendo wa amuna awo, ndipo pobwerera ndimatsika ndine, n'kulowa m'udzu.