Mtengo wa chishango poyang'ana nkhope

Ine zishango ndinayamba kupanga nditabwerako ku Joni, migodi itandilavula. Kuno ku Kandeu funsani aliyense wovina ngoma, akuuzani kuti chishango cha Ngozo sichipindika ngakhale chinyowe. Koma ogula anachepa, anyamata onse anathera m'tauni. Ndiye kunabwera Felista, mwana wa mchemwali wanga, mayi wamkulu ndithu, wogulitsa nsapato pa foni ku Boma. Akuti, "Amalume, msika wa masiku ano uli m'manja. Inu muzipanga, ine ndizijambula."

Ndinavomera. Yanga ntchito inali yomwe ija: kukhoma chikopa cha ng'ombe pansi ndi zikhomo, kupala mnofu ndi kasemasema, kuchinyika, kuchidula, kuboola, kuluka zingwe, kenaka kulowetsa ndodo kumsana. Iye nkumajambula, nkumaponya m'magulu awo a pa foni. Koma mtengo salemba ayi. Amangoti wofuna abwere kumbali.

Ndinamufunsa kuti kodi mtengo ndi matenda kuti uzibisidwa? Anaseka, nandionetsa m'mene amachitira iye ndi anzake. Poyamba amasuzumira kwa ogulitsa ena kuona pamene aika. Kenaka aonjezera ya minibasi, ya mayunitsi, ndi imene amadula a ejenti potapa ndalama. Apo ndinati chabwino, ndi nzeru. Koma chomaliza ndi ichi: munthu akafunsa, iye amayamba watsegula chithunzi cha munthuyo. Akaona suti, galimoto, mpanda wa njerwa, mtengo wakwera. Akaona nkhope yotuwa, watsika. Ndinalavula pansi. Ndinati zimenezo pa nsapato zako, osati pa zishango zanga. Anati "Eya, amalume," koma osasiya.

Tsiku lake linali Loweruka, pa depoti ya minibasi ku Boma. Tinapanga zokumana ndi ogula awiri, zishango zonse za ng'ombe imodzi yamawanga. Woyamba anatsika m'galimoto yakeyake, mimba kutsogolo, mwini magolosale. Pa foni chithunzi chake chinali maluwa chabe. Wachiwiri anatsika pa kabaza, jekete lothetheka. Ndi mlonda ku Lilongwe. Iyeyu anajambulitsa atatsamira galimoto ya bwana wake. Chishango ankachifuna kuti akavine nacho ngoma potsegula chiliza cha bambo ake, ndipo anali atalipira kale.

Wamimba uja anatembenuza chishango chake nkufuula, "Madala, mukungotaya izi! Pa mtengo umenewu mundipangire china." Nkuutchula mtengowo, anthu onse akumva.  Mlonda uja anali atapereka kuwirikiza.

"Madala," anatero, "mawanga ndi omwewa. Changachi chili ndi chiyani?"

Felista analowerera. "Chanucho ndi sipeshala, achimwene."

Mlonda sanamuyang'ane nkomwe. Maso anali pa ine. "Bambo anga ankakutchulani. Ankati Ngozo sanamiza munthu."

Akabaza anayamba kuunjikana. Wina akuti, "Agogo alowa bizinesi ya tauni!" Kuseka. Ine munthu woti ndikakuwa mbuzi za kutsidya zimabwerera, ndinakuwa, depoti yonse nkumva.  Ndinamuuza Felista kuti abweze zoonjezerazo pompo, apo ayi asadzapondenso pakhomo panga. Anabweza akudina foni ngati akupha nsabwe. "Bizinesi simuidziwa, amalume. Onse amatero."

Onsewo ndiye ayani? Amene amakweza katundu chifukwa mnzawo wakweza, osadziwa ngakhale fungo la chikopa? Zonyansa.

Ndi Felista tinasiyana tsiku lomwelo. Lero ndili ndi kafoni kanga, ndipo poti kulemba kumandichedwetsa ndimajambula mawu. Ndimayamba ndi mtengo, umodzi, wa bwana ndi wa mlonda yemwe. Ndimauwerengera pa chikopa, pa masiku amene ndawerama, ndi pa ulendo. Ena akaumva amangoti zii. Apite. Chimene ndinatolapo nchakuti mtengo uzichokera pa katundu, chifukwa chithunzi munthu amabwereka.

Tsiku lija pa depoti, mlonda uja analandira ndalama zake, nanyamula chishango, nakwera kabaza. Ndinamutambasulira dzanja. Analiyang'ana, nati, "Zikomo, madala," manja ake ali pa chishango. Kaya anakavina nacho pa manda a bambo ake, kaya anachiponya m'ngalande, mpaka lero palibe wandiuza.