Foni ya a Mbewe ndi uthenga wa juga

Ntchito yoyamba anandipezera ndi azakhali, pa kashopu ka mafoni ka a Sakala pafupi ndi msika wa Katete. A Sakala sankakhulupirira munthu. Poweruka ankandiyang'ana m'manja ngati ndabisamo memore khadi.

Ine ndinkaika bulawuza yopepuka, pulogalamu yotsegulira intaneti, m'mafoni a alimi. Mafoni awo sachedwa kudzaza, ndipo kumidzi netiweki imabwera mokoka miyendo. Kabulawuzako kamapeputsa masamba ndi zithunzi, bandulo n'kukhalitsa. Ndinkakatumiza pa bulutufu kuchokera m'foni ya pashopu, kuyatsa posunga data, kenako kulowa m'masetingi n'kuzimitsa timauthenga totsatsa malonda. "Chomalizacho osaiwala," ankatero a Sakala.

Tsiku lina anthu atachuluka ndinaiwala. Foni inali ya a Mbewe, mkulu wa mpingo wa kufupi ndi Mkaika, amene ankangofuna kumaona mitengo ya thonje.

Patatha milungu iwiri, Loweruka, anatulukira ndi akazi awo. Mayiwo anaika foni pa kauntala, pagalasi pali uthenga woitanira kubetcha mpira.

"Ndinabwereka foniyi kupita nayo ku chigwirizano cha amayi, ichi n'kutulukira onse akuona," anatero. "Mawa akulu anzawo a mpingo awaitana. Mundiuze, abambowa amatchova juga?"

"Amake mwana, ndakana kale," anatero a Mbewe.

A Sakala ankayang'ana ine. Inenso, sindibisa, ndinkakayikira a Mbewe, poti ndinali nditaonapo madoda a mataye akubetcha mobisa. Ndinatsegula pamene pamasungika masamba omwe munthu wapitako. Panali thonje, nyengo ndi nyimbo za kwaya basi.

"Izo zimafufutika," anatero mayiwo.

Nditalowa m'masetingi ndinaona pamene panalakwika. Timauthenga tinali chiyatsire. Ndikanatha kuzimitsa mwakachetechete, ntchito yanga n'kupulumuka, a Mbewe n'kuchotsedwa paukulu.

"Cholakwa n'changa, amayi. Apa sindinazimitse."

"Ndiye mukanene zomwezo mawa kutchalitchi."

A Sakala anangoti, "Upite. Za ntchito tikamba Lolemba."

Ndinapita ndili ndi mantha. Pamaso pa akulu asanu ndinaonetsa poyatsira ndi pozimitsira, iwo nkhope zili gwa. Akuluwo anawamasula a Mbewe, ndipo Lolemba a Sakala anangondilozera pampando wanga. Mpaka lero sindibweza foni ndisanazimitse timauthengato mwini wake akuona.

Koma chimene sindiiwala n'chakuti potuluka m'tchalitchimo, mkulu amene anafunsa mwaukali kuposa onse ananditsata kuseri. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutulutsa foni m'jekete.

"Zimitsaninso kuno," ananong'ona. "Kwathu sanaonebe."