Chaka Chimene a Telala Analira Akabawi

A telala a pansi pa masitepe anali munthu wozolika. Chaka chonse mutu unkakhala pa mashini, kusoka mayunifomu a ana asukulu ndi kuchepetsa mathalauza a anthu ogula osayesa. Koma chisanu chikangotha, mitengo ya mumsewu n'kuyamba kuphukira, ankatseka shopu dzuwa likakwera, n'kuyamba masitepe mpaka padenga la nyumba yosanja imene ankakhalamo. Padengapo n'pafulati, pali mathanki a madzi ndi zingwe zoyanikapo zovala. Ankakhala pa kampando, magalasi oonera kutali ali m'khosi, n'kumawerenga mbalame.

Osati mpheta ayi, musawapeputse. Akabawi, mphamba, ziwombankhanga, zija zimadutsa pamwamba pa tauniyo chaka ndi chaka pobwerera kumene zimakaikira mazira. Ntchitoyi anawaphunzitsa mphunzitsi wina amene anadzasoketsa jekete kalekale, ndipo iye atamwalira denga linatsala m'manja mwawo. Madzulo ankaimbira foni mayi wina wa kubungwe loona za mbalame, n'kumuuza zimene zadutsa tsikulo. Malipiro ake? Khosi lowawa basi.

"Anzanu akusaka makasitomala, inu mukusaka akuba nkhuku," ankatero akazi awo. Koma tiyi ankawakwezera komweko, akudandaula masitepe onse.

Chaka chatha mbalame zinachepa. Chaka chino ndiye zinachita kunyanya. A telala ankakhala padenga mpaka msana kuuma, n'kutsika ndi akabawi owerengeka pa zala. Mtima unawapweteka zenizeni. Chakudya ankangochitosatosa, ndipo aliyense wobwera ndi zipi yothyoka ankamva ulaliki wa mankhwala opopera m'minda ndi anthu owombera mbalame mwachisawawa. Mayi wa kubungwe atawauza kuti owerenga a m'matauni ena akuona zambiri monga kale, a telala anangoti, "Achinyamata amenewo amawerenga ndi makwangwala omwe."

Tsiku lina pa chakudya cham'mawa anakankha kapu n'kunena motsitsa mawu, "Mayi, zatha. Adzukulu athu adzangozimva m'nkhani. Mawa ndikawauza a kubungwe kuti ndasiya. Sindingamakwere pamwamba paja kukalondera maliro."

Chakumasana akazi awo anakwera ndi beseni la zochapa, ndipo atangoponya nsalu yoyamba pachingwe anakweza maso. Mayo! Kumwamba kunali bii ndi mbalame. Mbalame zinkazungulira pamwamba pa thanki ya pakona, zikukwera ndi mphepo yotentha, zina zikuchoka pamwamba pa gululo n'kuwongoka ulendo, zina zikufika kumene. Ndipo amuna awo anali pa kampando paja, nkhope italoza komweko, manja ali pa mawondo.

"Lero ndiye kulibiretu," anatero a telala. "Ndi chifungachi, ngakhale zikanakhalapo."

Chifunga chake chiti? Kunja kunali mbee. Mayiwo anaima ndi nsalu yonyowa m'manja, madzi akudonthera kumapazi, ndipo zinthu zinayamba kulumikizana m'mutu. Singano zonse za mushopu ankalowetsa ulusi ndi iwo, chifukwa amuna awo ankati singano za masiku ano zibowo zake n'zachibwana. Mwezi wathawu bambowa anasoka thalauza lakuda ndi ulusi wabuluu n'kunamizira babu la magetsi. Mayiwo anachita mantha, chifukwa ankawadziwa amuna awo: munthu amene dzino linawavunda mpaka kugwa lokha poopa dokotala.

"Bambo, kulibe chifunga."

"Mukudziwa chiyani inu za kumwamba?"

"Za kumwamba sindidziwa. Koma pa thanki apo palembedwa chiyani?"

A telala anayang'ana, anatsinzina diso limodzi, anatsinzina linalo.

"Zili pamutu panu pomwepa," anatero mayiwo. "Zambirimbiri, sindingathe n'kuwerenga komwe. Si mbalame zatha ayi. Ndi maso anuwa."

Mayiwo anayembekeza mkwiyo. Koma a telala anangogwira mkono wa akazi awo, n'kuuika pa magalasi aja. "Lozetsani pamene zili." Mayiwo anawakwezera magalasiwo pang'onopang'ono mpaka bambowa anaona timadontho tosaoneka bwino tikudutsa m'chifunga chawo chija.

"Zilipo?"

"Zilipo."

"Zonse?"

"Nanga ine ndinaziwerengapo kale? Zilipo, bambo!"

Ndiye munthu wamkulu anaseka, misozi ili mbwembwembwe. Munthu wauzidwa kumene kuti maso ake akufa, koma akuseka ngati wapatsidwa mphatso. "Ndi ine! Zikomo Ambuye, ndi ine chabe!"

Kuchipatala anati ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo imachotsedwa, diso limodzi kaye. A telala anafunsa ngati munthu amagonekedwa tulo, anafunsa kukula kwa mpeni, kenako anafunsa funso limene linamudabwitsa dokotala: "Ndikhala nditachira zisanathe kudutsa?" Dokotala anati mwina. Pa "mwina" ameneyo munthu wamantha uja anagona pa bedi yekha, popanda womukoka.

Masabata odikira aja denga silinakhale lopanda munthu. Mayi aja ankakhala pa kampando ndi magalasi, amuna awo ali pambali, akufunsa ngati loya. "Mchira wake ndi wamphanda kapena wozungulira? Ikukupiza kapena yangotambasula?" Mayiwo ankakalipa kuti mbalamezo sizikuima kuti azijambule, komabe madzulo ankalanda foni kuti chiwerengero anene okha.

Pamene diso linaloledwa kuona dzuwa, nyengo inali kumapeto, magulu akuluakulu atapita kale. Anakwera onse awiri, n'kudikira mpaka tiyi kuzizira. Kenako chakumapiri kunatulukira kadontho, ndipo a telala anakaona ndi diso lawo, opanda magalasi, akazi awo asanakaone. Chinali chiwombankhanga chotsalira m'mbuyo, nthenga za kunsonga kwa mapiko zitatambasuka ngati zala. Anachiperekeza ndi diso mpaka chinazimirira, kenako anatembenuka kuti anene kanthu, n'kungowayang'anitsitsa akazi awo.

"Mayi, imvi zonsezi zabwera liti?"

"Zabwera muli pompo. Lembani chiwombankhanga chanucho, musanaiwale."