Tsiku Limene Ndinakaniza Amalume Singano

Ndikukumbukira galamafoni ya atate, pakona ya chipinda chochezera ku Kafue Estates, itafundidwa kansalu koluka. Inkanunkha polishi ndi fumbi lotentha. Zaka zimenezo mafakitale ankachotsa anthu ntchito, ndipo atate anali m'gulu la ochotsedwa. Tinagulitsa njinga ndi filiji, koma malekodi awo anakana kugulitsa.

Anandiphunzitsa kuyang'ana singano ya galamafoniyo pagalasi lokulitsa zinthu. Yabwino imakhala ndi nsonga yobulungira ngati kambewu ka mawere, imayenda mumzere wa lekodi osaupweteka, ndipo imakhalitsa. Ikatha, m'mbali mwake mumaphwatalala, imasanduka chizelo chosemera matabwa. Zotchipa zimene zinadzaza pamsika, zosongoka ngati minga, zinkatha msanga. Yathu inali itatha, choncho atate analamula kuti galamafoni ikhale chete mpaka atapeza yoyenera.

Loweruka lina masana, atate atapita ku Lusaka kukafuna ntchito, kunabwera amalume, mlongo wa amayi, ndi anzawo kuchokera ku tauni. Anasankha lekodi imene atate ankaikonda kwambiri, ya pa ukwati wawo. Singano itayamba kulumpha, amalume anaika ndalama yachitsulo pamwamba pake kuti ilemere. Ndalama zachitsulo zinali zitasiya kugula kanthu, ntchito yake inatsala yomweyo. Nyimbo inamveka ndithu, koma ine ndinaona kafumbi kakuda kakusonkhana kunsonga. Lekodi inali kusemedwa.

Ndinanyamula mkono wa galamafoni, kuzula singano, n'kuiponya m'kamwa.

“Iwe mwana, lavula!” anatero amalume.

Ndinapukusa mutu.

“Mwaiche uyu adya nyimbo!” mnzawo wina anaseka akundiloza.

Amalume sanaseke. Lamba wawo anandipeza kumbuyo kwa miyendo, amayi akuchonderera kuti, “Achimwene, angaimeze.” Kulira ndinalira, koma ndi pakamwa potseka. Mpaka lero ndimakumbukira kuzizira kwa kachitsulo kaja pansi pa lilime.

Atate atafika, ndinalavulira singanoyo m'dzanja lawo. Anaiyang'ana, anayang'ana mizere ya pamiyendo yanga, kenako anauza amalume kuti basi ya ku tauni ikadalipo.

Masiku ano ana anga amamvera nyimbo pafoni, ndipo amati ndine wovuta chifukwa sindilola munthu kukhudza galamafoni ija. Anene. Lekodi ya ukwati imaimbabe bwino, kupatula pachiyambi, pamene pamalira ngati mvula pamalata. Pamenepo ndi pamene ndinachedwa kuimirira.