Jini Yoyezera ndi Mawu a Amayi

Atandiitana kukagwira ntchito mulabu yofufuzira za sayansi kutsidya kwa nyanja, sindinafunse maganizo a munthu. Ndinangolunjika kumsika wa Kawale, pakhonde pamene abambo ankasokera zovala, n'kuwauza kuti ndikupita. Anaimitsa makina, n'kundiyang'anira pamwamba pa magalasi. "Pita, Linesi. Koma Disembala uzibwera, tizikuona." Ndinalonjeza.

Kuzizira kwa kutsidyako, mayo ine! Anthu ake ndi abwino ndithu, koma moni wawo ndi wa mano okha. Ungakwere basi chaka chathunthu osamva wina akukufunsa kuti kunyumba kwacha bwanji. Loweruka ndi Lamlungu ndinkapita kukadyetsa maselo, tizigawo tosaoneka ndi maso timene timapanga thupi, ndipo ndinkawalankhula Chichewa kuopa kuti m'kamwa munganunkhe. Ndisakunamizeni, ndinkasungulumwa koopsa. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, koma kutumiza ndalama si kucheza.

Ntchito yathu inali yolowetsa jini yachilendo, kachidutswa ka malangizo a chibadwa, m'maselo amene tinkalera m'timbale, kenako n'kuyeza ngati majini ena achita changu kapena afooka. Komatu kuti unene kuti ichi chakwera, pamafunika china chosasuntha choyerekezera nacho, ngati mwala wa pasikelo ya wogulitsa nyama. Labu yonse inkadalira jini imodzi imene ankati siisintha. Ukafunsa chifukwa chake, yankho linali lakuti aliyense amagwiritsa ntchito imeneyo, basi.

Disembala woyamba atayandikira, zotsatira zanga zinatuluka zokongola mochititsa kaso. Bwana wanga, mayi wosakhulupirira zokongola, anati tiyeze jini yoyezerayo payokha. Abale inu! M'maselo amene tinalowetsamo jini yachilendo, yoyezera ija inali itatsika, ndiye china chilichonse chinkaoneka ngati chakwera. Anati tiyambirenso: tiyese majini angapo, m'maselo olowetsedwa ndi osalowetsedwa omwe, tisankhe awiri kapena atatu okhazikika. "Usadzadalirenso imodzi," anatero. Maselo sadikira munthu, ndipo kontilakiti yanga inali pafupi kutha.

Ndinaimbira amayi kuwauza kuti mwina sindibwera.

"Abambo ali pompo? Apatseni foni ndiwapepese."

"Angotopa, agona. Iwe maliza ntchito, Kawale sathawa."

Kuyambira pamenepo, ndikaimba, amayi ankati abambo ali kumsika, kapena akusamba, kapena atangotuluka kumene. Mawu a amayi anali omwe aja, osekaseka, ndiye mtima unkakhala m'malo. Mng'ono wanga Takondwa ankangonditumizira zithunzi za maluwa ndi mavesi. Majini okhazikika tinawapeza, kontilakiti anaiwonjezera, Disembala wina anadutsanso ndili pakati pa timbale tanga.

Ndabwera mwezi wathawu. Nditangolowa pabalaza ndinaona makina osokera ali pakona, atafunditsidwa chitenje, pamwamba pake atasanjikapo mabeseni. Amayi anandikumbatira, ataonda kwambiri moti ndinamva mafupa a msana wawo. Anandikhazika pansi kaye, n'kundipatsa madzi, kenako n'kufotokoza. Abambo anagwa ndi sitiroko sabata yomwe ija ndinaimba. Mbali imodzi inafa, mutu nawo unayamba kuiwala.

"Bwanji simunandiuze?"

"Munthu wakutali samuuza matenda, mwanangu. Ukanatani uli wekhawekha kumeneko? Ukanangosokonezeka mutu, ntchito n'kutha."

Mwambo umenewu ndimaudziwa, ndinakuliramo. Kungoti sindinaganizepo kuti wakutaliyo tsiku lina ndidzakhala ine. Kulabu ndinaphunzira kusadalira jini imodzi, koma za kwathu ndinkaziyezera pa mawu a munthu mmodzi, amenenso matendawo anali atawapinda. Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe.

Ndinalowa kuchipinda. Takondwa anali akupukuta abambo ndi kathaulo. Ndinapinda manja a bulauzi kuti ndithandize, iye n'kunditsekereza ndi chigongono.

"Khalani, asisi. Simudziwa mmene timawatembenuzira, muwapweteka."

Ndinagwada pambali pa bedi n'kugwira dzanja lamoyolo. Abambo anandiyang'ana nthawi yaitali, mwaulemu ndithu, kenako anatembenukira kwa Takondwa. Lilime linkalemera, koma mawu anamveka.

"Apatse mpando alendowa. Afunse ngati adya."