Tinabisala m'khola achipatala cha ziweto atabwera

Ndikuvomera, inu owerenga, kuti mantha anga ndiwo anaphetsa maso a munthu amene anandisunga ngati mwana wake ku Joni.

Mu 2008, eni dziko atatithamangitsa ife alendo ku Primrose, ndinasowa kolowera. A Tembo, bambo a ku Chipata amene ankaweta nkhosa papulazi ina kuseri kwa Tsakane, ndiwo anandipezera ntchito. Masiku amenewo ndimawasowa. Loweruka tinkakwera takisi kukagula kabichi ndi malaya a kaunjika, pobwera iwo akuimba nyimbo za kwawo, ine ndikuwaseka Chinyanja chawo. Nkhosa iliyonse anaipatsa dzina, ndipo akaimba mluzu zinkabwera zonse.

Dzinja lina mvula inachuluka, madzi anadikha ponseponse, udzudzu unaswana. Nkhosa zinayamba kubereka ana akufa, ife n'kumawatola ndi manja. Mwini pulazi anaitana achipatala cha ziweto kuti adzatenge magazi a nkhosazo. Nditaona galimoto ya boma, ndinaganiza kuti ndi apolisi, poti ndinalibe mapepala ondilola kukhala m'dzikomo. Ndinawakoka a Tembo kuti tibisale m'khola la nkhuku.

“Mwana wanga, amenewa si apolisi,” anandinong'oneza. Koma ndinawachonderera mpaka anakhala nane.

Anthuwo anachenjeza antchito onse kuti asakhudze chiweto chodwala kapena kudya nyama yake, komanso kuti aliyense wotentha thupi akayezetse magazi. Ife sitinamve nawo, ndipo anzathu ankaganiza kuti tikudziwa. Patapita masiku awiri ndinazinga nkhosa imene inkafooka kuti nyama isawonongeke. A Tembo ndiwo anasenda, magazi mpaka m'zigongono.

Tonse awiri tinadwala mutu ndi kuphwanya m'thupi. Ine ndinati ndi malungo, n'kutulutsa mankhwala amene ndinabwera nawo kuchokera kumudzi. Ndinachira. A Tembo nawo anadzuka, koma m'mawa wina anandifunsa chifukwa chake kunja kunali chifunga, pamene dzuwa linali phwee.

Kuchipatala anatenga magazi awo, ndipo zotsatira zinasonyeza matenda a Rift Valley, amene udzudzu umapatsira ziweto, anthu n'kuwatengera ku magazi a ziwetozo. Palibe anatifunsa za mapepala. Maso awo sanabwererenso mwakale. Ndinawaperekeza kukakwera basi ya ku Zambia nditawagwira dzanja, ndipo sanandinene ngakhale liwu limodzi loipa. Anangondiuza kuti ndizisamala nkhosa zawo.

Abale anga, kutentha thupi konse si malungo. Mukaona ziweto zikutaya ana nyengo ya udzudzu, musazikhudze, ndipo obwera kudzayeza magazi musawathawe. Ine ndinathawa galimoto imene inabwera kudzatiteteza, koma amene akuyenda ndi ndodo lero ndi a Tembo.